Nyimbo za rap zikuonetsa kusiyana kwa kagundidwe ka mawu a Chichewa ndi Chingerezi

Uthenga womwe walembedwa m'Chingerezi kuti uwerengedwe pa wailesi m'masekondi 30, kapena kuti uikidwe m'nyimbo yophunzitsa anthu, kawirikawiri sukwana pa nthawi yomweyo ukamasuliridwa m'Chichewa, ndipo ambiri amaganiza kuti vuto lagona pa kutalika kwa mawu kokha.

Kafukufuku yemwe akatswiri a zilankhulo akhala akuchita kuyambira m'zaka za m'ma 1940 akuonetsa kuti gwero lina la vutoli ndi kagundidwe ka mawu, kutanthauza momwe chilankhulo chimagawira nthawi ndi mphamvu pakati pa maphatikizo munthu akamalankhula.

Kusiyanaku kumamveka bwino m'nyimbo za chamba cha rap, kaamba koti m'chambachi woimba amalankhula mawu pamwamba pa ng'oma yomwe imagunda mofanana kuchokera poyamba mpaka pomaliza, moti ng'omayo imasanduka muyeso woyezera chilankhulo.

Magulu awiri a zilankhulo

M'chaka cha 1940, katswiri wa katchulidwe ka mawu wa ku Britain, Arthur Lloyd James, anayerekeza zilankhulo zina ndi kulira kwa mfuti yachiwaya, yomwe imatulutsa zipolopolo motsatizana pa liwiro limodzi, ndipo zina anaziyerekeza ndi zizindikiro za Morse zomwe ankatumizira matelegalamu, zomwe zimasakaniza kulira kwakutali ndi kwakufupi.

Patapita zaka zisanu, mu 1945, Kenneth Pike wa ku America anapereka mayina ku magulu awiriwa. Gulu loyamba ndi la zilankhulo zomwe nthawi yake imayendera maphatikizo otsindikidwa, pomwe lachiwiri ndi la zilankhulo zomwe phatikizo lililonse limatenga nthawi yofananako ndi linzake.

Mu 1967, David Abercrombie wa pa sukulu ya ukachenjede ya Edinburgh anafika ponena kuti chilankhulo chilichonse padziko lapansi chimagwa m'limodzi mwa magulu awiriwa. Iye anaika Chingerezi, Chirasha ndi Chiarabu m'gulu loyamba, ndipo Chifalansa, Chitelugu cha ku India ndi Chiyoruba cha ku Nigeria anaziika m'gulu lachiwiri.

Chingerezi ndicho chitsanzo chodziwika cha gulu loyamba. M'chilankhulochi liwu lililonse lalitali lili ndi phatikizo lomwe limatchulidwa mwamphamvu, motalika ndiponso momveka kuposa ena, pomwe maphatikizo otsala amafinyidwa ndi kumezedwa. M'liwu loti "photograph" mphamvu ili pa phatikizo loyamba, koma m'liwu loti "photography" mphamvuyo imasamukira pa phatikizo lachiwiri ndipo "o" woyamba uja amafooka mpaka osamvekanso ngati "o".

Chiganizo choti "Boys eat rice" chili ndi maphatikizo 3, pomwe choti "The boys will be eating the rice" chili ndi maphatikizo 8, koma zonse ziwiri zili ndi malo atatu okha otsindika. Mwini chilankhulo amathamangitsa timawu tapakatito kotero kuti chiganizo chachiwiri sichitenga nthawi yochuluka monga momwe chiwerengero cha maphatikizo chikuonetsera.

M'Chichewa zinthu sizili choncho. Chiganizo choti "Ana adya nsima" chili ndi maphatikizo 6 ndipo choti "Anyamata akhala akudya nsima" chili ndi maphatikizo 12. Palibe phatikizo lomwe wolankhula angalimeze popanda kuononga liwu, choncho nthawi yolankhulira imatalika motsatira kuchuluka kwa maphatikizo.

Zomwe makina oyezera anapeza

Ganizo la Abercrombie linakumana ndi mavuto pomwe akatswiri anayamba kuyeza mawu ojambulidwa. Mu 1982, Peter Roach anayeza zilankhulo zisanu ndi chimodzi zomwe Abercrombie anatchula ndipo sanapeze umboni woti m'gulu loyamba mipata ya pakati pa maphatikizo otsindikidwa imakhaladi yofanana, kapena woti m'gulu lachiwiri maphatikizo amakhaladi ofanana kutalika.

Chaka chotsatira, mu 1983, Rebecca Dauer anafotokoza kuti chomwe khutu limamva ngati kagundidwe chimachokera ku kapangidwe ka maphatikizo. Chilankhulo chomwe chimalola malembo opanda liwu kuunjikana, chomwenso chimafooketsa malembo a liwu osatsindikidwa, chimamveka ngati chikudumphadumpha. Liwu la Chingerezi loti "strengths" lili ndi malembo 9 koma ndi phatikizo limodzi lokha.

Mu 1999, Franck Ramus, Marina Nespor ndi Jacques Mehler anayeza zilankhulo 8 poona gawo la nthawi yolankhula lomwe limathera pa malembo a liwu. Iwo anapeza kuti m'Chingerezi gawoli ndi pafupifupi 40 pa 100 aliwonse, pomwe m'Chijapani, chomwe maphatikizo ake ambiri ndi osavuta ngati a Chichewa, ndi pafupifupi 53 pa 100 aliwonse. Chifalansa, Chisipanishi ndi Chitaliyana zinapezeka pakati pa ziwirizi.

Ngakhale makanda amamva kusiyanaku. Kafukufuku yemwe Thierry Nazzi, Josiane Bertoncini ndi Mehler anafalitsa mu 1998 anaonetsa kuti makanda a ku France a masiku ochepa chibadwire ankasiyanitsa Chingerezi ndi Chijapani, koma ankalephera kusiyanitsa Chingerezi ndi Chidatchi, zomwe kagundidwe kake n'kofanana.

Masiku ano akatswiri ambiri amaona nkhaniyi ngati mzere wautali womwe chilankhulo chilichonse chili ndi malo ake, ena kufupi ndi mbali iyi ndipo ena kufupi ndi mbali inayo, m'malo mwa magulu awiri okhala ndi malire okhwima.

Malamulo atatu a Chichewa

Chichewa chinayamba kufotokozedwa mwaukatswiri wa masiku ano mu 1937, pomwe Mark Hanna Watkins anasindikiza buku la malamulo a chilankhulochi mothandizidwa ndi Kamuzu Banda, yemwe anakumana naye ali pa maphunziro ku Chicago. Ntchitoyi inapitirizidwa ndi akatswiri ena monga Jonni Kanerva mu 1990, komanso Laura Downing ndi Al Mtenje omwe mu 2017 anatulutsa buku la katchulidwe ka Chichewa kudzera ku Oxford University Press.

Lamulo loyamba lomwe limaumba kagundidwe ka Chichewa ndi loti maphatikizo amathera ndi limodzi mwa malembo a liwu asanu, omwe ndi a, e, i, o ndi u. Chosiyanako ndi "m" yemwe amaima payekha m'mawu monga "mtengo" ndi "mkaka". Ichi n'chifukwa chake mawu obwereka amatambasuka akalowa m'Chichewa: "school" wa phatikizo limodzi anasanduka "sukulu" wa maphatikizo atatu, "store" anasanduka "sitolo" ndipo "bread" anasanduka "buledi".

Lamulo lachiwiri ndi loti phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limakokedwa, makamaka pa liwu lomwe likutsekera chigawo cha chiganizo. Munthu akanena "chitukuko" n'kupuma, amakoka phatikizo la "ku" lomwe lili pafupi ndi mapeto. Akanena "chitukuko cha dziko", kukoka kwakukulu kumasamukira pa "dzi". Kukokaku ndiko kumauza womvera kuti ganizo lafika popumira.

Lamulo lachitatu ndi la kukwera ndi kutsika kwa liwu. "Mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa katundu pa msika amalembedwa chimodzimodzi ndipo amasiyana pa kukweza liwu basi, monganso "khungu" la pathupi ndi "khungu" la kusaona. Mawu oti "ndimathandiza" amatanthauza chizolowezi cha masiku onse liwu likakwera pa phatikizo loyamba, koma amatanthauza zomwe zinkachitika m'mbuyomu liwu likakwera pa phatikizo lachiwiri.

Izi zikutanthauza kuti ntchito yomwe Chingerezi chimagwira ndi kutsindika, Chichewa chimaigawa pawiri: kukoka phatikizo kumasonyeza malire a ganizo, ndipo kukweza liwu kumasiyanitsa matanthauzo.

Momwe rap inamangidwira

Chamba cha hip hop, chomwe rap ndi nthambi yake, chinabadwira ku Bronx mumzinda wa New York. Ambiri amawerengera chiyambi chake pa phwando lomwe DJ Kool Herc, mbadwa ya ku Jamaica, anaimbitsa pa 11 August 1973 ku nyumba ya pa 1520 Sedgwick Avenue. Mu 1979 gulu la Sugarhill Gang linatulutsa nyimbo ya "Rapper's Delight" yomwe inafikitsa chambachi pa mawailesi a m'mayiko ambiri.

Nyimbo zambiri za rap zimayenda m'tizigawo ta kugunda kunayi, tomwe oimba amatitcha "bar". Ng'oma yaikulu imalira pa kugunda koyamba ndi malo ena oyandikana nako, pomwe ng'oma yaing'ono yolira mwaphokoso, yotchedwa "snare", imalira pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi. Kugunda kulikonse kumagawidwanso panayi, zomwe zimapereka timipata 16 m'kachigawo kamodzi. Ndime ya woimba mmodzi kawirikawiri imakhala ya tizigawo 16.

Masamu ake ndi osavuta. Nyimbo yogunda maulendo 90 pa mphindi imodzi imakhala ndi kachigawo kotalika masekondi awiri ndi magawo awiri mwa atatu a sekondi, ndipo ndime yonse imatha m'masekondi pafupifupi 43. Woimba wofuna kudzaza timipata tonse ayenera kutchula maphatikizo 6 pa sekondi iliyonse.

Malinga ndi mabuku omwe Adam Bradley ndi Paul Edwards anatulutsa payekhapayekha mu 2009 ofotokoza luso la rap, woimba wa Chingerezi amalunjikitsa maphatikizo otsindikidwa pa kugunda kunayi kuja, ndipo maphatikizo ofooka amawalonga m'timipata totsala. Iye atha kuika maphatikizo awiri kapena asanu pakati pa kugunda kuwiri, mzere n'kumamvekabe bwino, chifukwa chilankhulo chake chinazolowera kale kufinya mawu.

Kalumikizidwe ka mawu ndi ng'oma kameneka ndi komwe oimba amakatcha "flow", ndipo kakhala kakusintha m'kupita kwa zaka. Oimba oyambirira ankaika mawu omveka mofanana kumapeto kwa mzere, pa kugunda kwachinayi. Rakim, yemwe anatulutsa chimbale cha "Paid in Full" pamodzi ndi Eric B. mu 1987, anatchukitsa kuika mawu ofanana kamvekedwe pakati pa mzere ndiponso kudutsitsa ganizo kuchoka m'kachigawo kena kulowa m'kena. Mu 2013 gulu la Migos linafalitsanso njira yogawa kugunda patatu, yomwe magulu monga Three 6 Mafia ndi Bone Thugs-n-Harmony ankagwiritsa kale ntchito m'zaka za m'ma 1990.

M'chaka chomwecho cha 2013, Eminem anatulutsa nyimbo ya "Rap God" yomwe inalowa m'buku la Guinness World Records kaamba kokhala ndi mawu 1,560 m'mphindi 6 ndi masekondi 4. Chiwerengero chotere chimatheka mwa zina chifukwa Chingerezi chili ndi mawu ambiri a phatikizo limodzi, choncho sichingakhale muyeso wachilungamo woyezera woimba wa chilankhulo china.

Chambachi chikalowa m'zilankhulo zina

Kulikonse komwe rap yafika, oimba akhala akulimbana ndi funso loti chomwe chigwere pa ng'oma n'chiyani ngati chilankhulo chawo chilibe kutsindika kwa mtundu wa Chingerezi.

M'Chifalansa mphamvu imagwera pa phatikizo lomaliza la chigawo cha chiganizo, ndipo ndi phatikizo lomweli lomwe limapatsa woimba pogwira. Ku Japan, monga momwe Ian Condry anafotokozera m'buku lake la mu 2006, ambiri poyamba ankakhulupirira kuti Chijapani sichingaimbidwe rap, mwa zina chifukwa ziganizo zake zimathera ndi aneni okhala ndi mathero ochepa ofanana. Oimba a kumeneko anathana ndi vutoli posintha ndondomeko ya mawu m'chiganizo.

Ku Senegal gulu la Positive Black Soul linatchukitsa rap ya Chiwolofu m'zaka za m'ma 1990, pomwe ku Tanzania oimba monga Joseph Mbilinyi, wodziwika ndi dzina loti Mr II kapena Sugu, anakhazikitsa rap ya Chiswahili. Mbilinyi anadzasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo wa dera la mumzinda wa Mbeya mu 2010.

M'dziko muno chambachi chinakula potsatira kusintha kwa ndale kwa mu 1993 ndi 1994, kutsegulidwa kwa mawailesi omwe si aboma komanso kuyamba kwa kanema wa Television Malawi mu 1999. Oimba monga Tay Grin, Phyzix, Gwamba ndi Fredokiss anatchuka ndi nyimbo zomwe Chichewa chili ndi gawo lalikulu, ndipo ku Zambia Slapdee anachita chimodzimodzi ndi Chinyanja cha mumzinda wa Lusaka. Tay Grin amadziwikanso posakaniza chambachi ndi ng'oma komanso zilombo za Gule Wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2005.

Mtolo wa woimba wa Chichewa

Vuto loyamba la woimba wa Chichewa ndi malo. Mneni wa Chichewa amanyamula mwininkhani, nthawi, kukana ndi pamtherankhani m'liwu limodzi. Liwu loti "sindidzakuthandizaninso" lili ndi maphatikizo 9, omwe ndi oposa theka la timipata 16 ta kachigawo kamodzi, ndipo onse ayenera kumveka. Woimba akawathamangitsa mopitirira muyeso, womvera amataya phatikizo ngati "si" kapena "dza", lomwe ndi losenza tanthauzo lonse.

Chichewa chili ndi njira zake zofupikitsira mawu zomwe sizionononga tanthauzo. "Mwana uyu" amasanduka "mwanayu", "mu nyumba" amasanduka "m'nyumba" ndipo "ndi chiyani" amasanduka "n'chiyani". Chilinso ndi amvekero monga "gwa", "zii", "mbee" ndi "psuu", omwe ndi aafupi koma olemera, oyenera kugwera pa ng'oma ndi kutseka mzere.

Vuto lachiwiri ndi la phatikizo loyenera kukumana ndi ng'oma. Popeza phatikizo lokokedwa ndi lachiwiri kuchokera kumapeto, mzere wa Chichewa umamveka wachibadwa pomwe phatikizo limeneli lagwera pa kugunda ndipo lomaliza latsatira pambuyo mopepuka. Woimba akakankhira mphamvu pa phatikizo lomaliza pofuna kutsanzira mathero a mizere ya Chingerezi, mawu amamveka ngati akutchulidwa ndi mlendo.

Vuto lachitatu ndi la mawu ofanana kamvekedwe kumapeto kwa mizere. Popeza malembo a liwu ndi asanu okha ndipo aneni ambiri amathera ndi "a", kufananitsa phatikizo lomaliza lokha n'kosavuta moti khutu silikuwerengera ngati luso. Kufanana kumayamba kumveka kukakhudza maphatikizo awiri omaliza, monga "njala", "chala" ndi "mwala", kapena "mvula", "gula" ndi "tula", chifukwa pamenepo phatikizo lokokedwa lalowa nawo.

Chichewa chilinso ndi chuma chomwe Chingerezi chilibe, chomwe ndi kugwirizana kwa mawu kumayambiriro. M'chiganizo choti "chinthu chachikulu chimenechi chatha", kamvekedwe ka "ch" kamabwerezedwa kokha motsatira malamulo a chilankhulo, ndipo kubwerezaku kumapanga kagundidwe ngakhale popanda ng'oma.

Pa nkhani ya kukwera ndi kutsika kwa liwu, rap ili ndi mwayi kuposa nyimbo zoimbidwa pa maimbidwe obwereka. M'nyimbo yomwe maimbidwe ake anapekedwa kale m'chilankhulo china, liwu limakwera ndi kutsika motsatira nyimboyo ngakhale Chichewa chikufuna zina. Woimba rap ali pafupi ndi kulankhula wamba, choncho ali ndi ufulu wosunga kamvekedwe komwe kamasiyanitsa "mtengo" ndi "mtengo".

Luso lolumikiza mawu a Chichewa ndi kugunda kokhazikika si lachilendo m'dziko muno. Amayi akhala akupeka nyimbo za pamtondo motsatira kugwa kwa munsi, ndipo magule ambiri a m'chigawo chino cha Africa amagawa kugunda patatu, njira yomwe rap ya ku America inaitchukitsanso m'zaka za m'ma 2010.

Phunziro kwa ogwira ntchito m'boma

Maunduna ndi nthambi za boma zimagwiritsa ntchito nyimbo, zolengeza za pa wailesi ndi zolankhula za pa misonkhano pofalitsa mauthenga a zaumoyo, ulimi, chisankho ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ambiri mwa mauthengawa amayamba kulembedwa m'Chingerezi kenaka n'kumasuliridwa, nthawi ya pa wailesi itagulidwa kale.

Zikatero wowerenga amakakamizika kuthamanga, ndipo choyamba kutayika ndi kukoka kwa phatikizo komwe kumasonyeza popumira. Womvera amamva mawu onse koma amavutika kudziwa pomwe ganizo lina lathera ndi pomwe lina layambira, zomwe n'zoopsa pa uthenga wonena za mlingo wa mankhwala, tsiku lomaliza kulembetsa kapena malo othawirako madzi osefukira.

Njira yopewera izi ndi kuwerenga maphatikizo m'malo mowerenga mawu, ndiponso kuchepetsa mfundo m'malo moonjezera liwiro. Uthenga wopita kwa anthu olankhula Chichewa umayenda bwino ukalembedwa m'Chichewa kuchokera pachiyambi, m'zigawo zazifupi, liwu lofunika kwambiri litaikidwa kumapeto kwa chigawo komwe kukoka kumagwera, ndipo uwerengedwe mokweza ndi wotchi pambali usanapite kojambulira.

Nkhaniyi ikukhudzanso aphunzitsi a Chingerezi. Mwana yemwe wakula ndi Chichewa amapatsa phatikizo lililonse la Chingerezi nthawi yofanana, ndipo vuto lake lalikulu limadza pomvera eni chilankhulo, omwe amameza timawu tomwe iye akuyembekezera kumva bwinobwino. Kuomba m'manja pa maphatikizo otsindikidwa okha ndi njira yomwe aphunzitsi a chilankhulochi amagwiritsa ntchito m'mayiko ambiri, ndipo ndi ntchito yomweyo yomwe ng'oma imagwira m'nyimbo ya rap.

Chichewa chinalengezedwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968. Ntchito yofufuza ndi kutukula zilankhulo za m'dziko muno, kuphatikizapo kumasulira, ili m'manja mwa nthambi ya Centre for Language Studies ya pa sukulu ya ukachenjede ya Malawi ku Zomba, yomwe inakhazikitsidwa mu 1996 m'malo mwa bungwe la Chichewa Board.